Lichero la agogo ndi mizere ya Descartes

Ndili Fomu 3, masamu a transformation ankandizunguza mutu. Aphunzitsi ajambula katatu pa bolodi, kenaka kena pambali, n'kufunsa kuti: kasunthidwa kapena katembenuzidwa? Ndinkangolota. Ndinathawira ku history, ndipo history yomweyo yandibwezera komwe ndinathawa.

Yankho lake n'losavuta, ndazindikira mochedwa. Mu translation chinthu chimangosuntha osatembenuka: dontho la (2, 3) likasunthira malo anayi kumanja limafika pa (6, 3), madontho ena onse n'kutsatira chimodzimodzi. Mu reflection chimakhala ngati chadziyang'ana pagalasi: (2, 3) pa mzere wa y amasanduka (-2, 3), dzanja lamanja n'kukhala lamanzere.

Koma funso langa ndi lakuti, zimenezi zinafika bwanji m'kalasi ya kumapiri a Dowa? René Descartes anasindikiza La Géométrie mu 1637, kulumikiza mizere ndi manambala, ngakhale iyeyo sanajambule mizere iwiri yopingasana monga timachitira lero. Mu 1872 Felix Klein wa ku Germany ananena kuti geometry ndi phunziro la zomwe sizisintha chinthu chikasunthidwa kapena kutembenuzidwa. Ganizo limeneli linakhala zaka zambiri m'mayunivesite. Linatsikira kwa ana a sukulu m'ma 1960, kudzera m'masamu atsopano: School Mathematics Project ku England mu 1961, ndi msonkhano wa ku Entebbe mu 1962 wolemba mabuku a mayiko a mu Africa olankhula Chingerezi. Choncho pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, kapena Robert Blake ku Kongwe mu 1894, mutuwu unali usanalowe m'sukulu ngakhale kwawo komwe.

Tchuthi chathachi ndinakhala pafupi ndi agogo aamuna kumudzi, chakumalire a Ntchisi, akuluka lichero. Nsungwi imodzi imadutsa pamwamba pa zingapo, n'kulowa pansi pa zingapo. Yotsatira imachita chimodzimodzi koma itasendera malo amodzi. Ndi translation yeniyeni, yobwerezedwa mpaka mzere wopendekeka uwoneke. Akafuna kuti mzerewo ubwerere, amatembenuza kuwerenga kwawo, mbali ziwirizo n'kuyang'anizana. Nditafunsa chifukwa chake, anangoti, "Mukaphonya imodzi, lonse likhota," maso ali pa ntchito.

Paulus Gerdes, katswiri wa masamu wa ku Mozambique yemwe anamwalira mu 2014, anathera moyo wake pa zotere. Iye ndi Gildo Bulafo analemba mu 1994 za sipatsi, tizikwama toluka ta ku Inhambane. Masamu amati mapatani obwerezabwereza pa kamzere alipo mitundu 7 yokha, ndipo Gerdes anaipeza yonse m'ntchito za oluka aja.

Anzanga ena pano akamva zimenezi amathamangira kunena kuti azungu anatibera masamu. Ine sindikuvomera. Agogo alibe x ndi y, ndipo zomwe amadziwa sizingalembedwe papepala n'kutumizidwa kwa munthu yemwe sanaonepo lichero. Manambala a Descartes amatha zimenezo. Chimene chimandiwawa n'china. Kwa zaka zinayi za sekondale palibe anabweretsa lichero m'kalasi, chonsecho aliyense wa ife anali atapetapo mphale m'menemo, ndipo tonse tinkakhulupirira kuti tikuona zinthuzi koyamba.

Agogo anandipatsa lichero lija. Ndawerenga nsungwi zake kawiri, ndipo sindinapeze pomwe anaphonya.