Mbiri ya Kombe: Ulembe Umene Unasanduka Mankhwala a Mtima

Kale-kale, mfuti zisanacuruke, alenje a Cimang'anja a m'cigwa ca Shire anali kupha njati ndi mibvi yopakidwa ulembe. Ulembewo unali kucokera ku kombe, mtengo woyanga m'mitengo inzace, umene ubala zipatso ziwiri-ziwiri zazitali zonga nyanga. Alenje anali kusinja njere zace ndi kupaka phalalo kumunsi kwa citsulo ca mubvi. Nyama yolasidwa inali kuthamanga kanthawi ndi kugwa, ndipo iwo anali kudula mnofu wozungulira bala ndi kuutaya, nadya yotsalayo osadwala. Anthu amenewa anadziwa mphamvu ya kombe, ndipo sanaseweretse mibvi yao.

Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba m'caka ca 1858, panali dotolo wa ku Scotland dzina lace John Kirk, amene nchito yace inali kusonkhanitsa zomera. Tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswaci umene unakhala m'thumba limodzi ndi kombe, ndipo anamva kuwawa m'kamwa. Iye anali ndi cimfine, mtima uli kugunda msanga, koma pambuyo pace anaona kuti wayamba kugunda pang'ono-pang'ono. Apa anaganiza kuti mu ulembewo mungakhale mankhwala a mtima. Livingstone analemba nkhaniyi m'buku la ulendowo, limene linaturuka mu 1865.

Njere za kombe zinafika kwa Thomas Fraser wa ku Edinburgh, amene anaziyesa pa acule ndi nyama zina zaka zambiri. Anapeza kuti kombe akakamiza mnofu wa mtima kufinya kolimba. Akacuruka, mtima ufinya osamasukanso, ndipo nyama ifa. Koma akacepa kweni-kweni, mtima wofoka upeza mphamvu, ndipo wodwala wotupa miyendo ndi wobanika ayamba kupuma bwino. Mu 1885 Fraser anafotokozera madotolo anzace za mankhwalawa, amene anawacha strophanthin. Posacedwa a kampani ya Burroughs Wellcome ku London anayamba kuwagulitsa, ndipo njere za kombe zinakhala malonda oturuka m'dziko la Nyasaland.

Pamenepa mpamene bvuto leni-leni linaoneka. Mitengo ya mtundu wa kombe iripo yambiri mu Africa, ndipo njere zace zifanana koma mphamvu zace zisiyana. Amalonda anali kusakaniza njerezo, kotero kuti botolo lina linali lofoka, lina laukali, ngakhale dzina linali limodzi. Ndiponso mankhwalawa akamwedwa, m'mimba salowa m'mwazi mofanana masiku onse. Dotolo anali kupereka madontho amodzi-modzi kwa odwala awiri, wina osathandizidwa, wina nayamba kusanza ndi mtima kugunda mosokonezeka. Cifukwa cace akatswiri anayamba kuyesa mphamvu ya mankhwalawo pa acule asanawagulitse.

Mu 1906 dotolo wa ku Jeremani, Albert Fraenkel, anaonetsa kuti strophanthin agwira nchito msanga ndi motsimikizika akabayidwa mu mtsempha wa mwazi. Muyeso wace unali wocepa koposa, wosapitirira miligalamu imodzi. Komabe odwala ena anafa, makamaka amene anali atalandira kale digitalis, mankhwala ena a mtima ocokera ku duwa la ku Ulaya, amene William Withering anawafotokoza mu 1785. Awiriwa agwira mtima m'njira imodzi, ndipo akakumana m'thupi mphamvu yao iwonjezana kufikira kuimitsa mtima. Masiku ano zipatala zambiri zinaleka strophanthin. Pa mtundu umenewu wa mankhwala zigwiritsa nchito digoxin, amene kucuruka kwace m'mwazi kungathe kuyesedwa.

Mbiriyi ikhudza munthu wa m'komboni amene agula botolo la mizu pamsika tsiku la malipiro. Kombe aonetsa kuti m'mitengo muli mankhwala oona, ndi kuti makolo anawadziwa Azungu asanabwere. Aonetsanso kuti pakati pa kucira ndi kufa pangakhale dontho limodzi lokha. Madotolo okhala ndi zoyesera zao anabvutika zaka zoposa makumi awiri kuti apeze muyeso wa mtengo umodzi wokha. Wogulitsa wapamsika, amene sanena dzina la muzu kapena kuona wodwalayo, muyeso wace ndi cikho. Cikho cimene sicipweteka mwamuna wamphamvu wa pamgodi cingaphe khanda kapena nkhalamba yodwala impso.

Cotero munthu amene wamwa mankhwala a mizu, ndipo pambuyo pace apita ku cipatala, ayenera kuuza dotolo cimene anamwa, ndi kunyamula botololo ngati liripo. Kubisa cifukwa ca manyazi kungacititse kuti alandire mankhwala ena owonjezana ndi oyambawo, monga zinacitikira odwala a m'masiku a Fraenkel.