Zisumbu za ku Chembe: Alendo Ace ndi Eni Ace

Munthu akaima pa mcenga wa ku Chembe m'mamawa, mphepo isanadzuke, amaona cisumbu ca Thumbi patsogolo pace, Domwe ku dzanja lamanja, ndi Mumbo patali ndithu ngati kamtambo kotera pa madzi. Zisumbu zimenezi, pamodzi ndi zinzace monga Maleri, Nankoma ndi Nakantenga za kufupi ndi Salima, ndi Boadzulu ca kum'mwera, ziri m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Alendo amafikako caka ndi caka kudzasambira, kudzapalasa timabwato ndi kudzaona nsomba za m'matanthwe. Ambiri a iwo amabwerera kwao ali kuyesa kuti aona dziko losakhudzidwa ndi munthu. Koma malo amenewa ali ndi mbiri yace, ndipo mphunzitsi wofuna kupita nao ana ace kumeneko ayenera kuyamba waidziwa.

Eni malo ndiwo asodzi. Azungu asanafike, Anyanja, ndi pambuyo pace Ayao, anali kupha usipa, utaka ndi kampango pakati pa zisumbuzi, nabisala kuseri kwa mapiri ace mwera ukakula. Maina a zisumbu zonsezi ndi a makolo, ndipo alipo kufikira lero. Dzina lacilendo linagwa pa mutu wa mtunda. David Livingstone, amene anayamba kuona nyanja yathu m'caka ca 1859, anabweranso m'caka ca 1861 ndi ngalawa, nazungulira mutu umenewu, naucha Cape Maclear, pokumbukira bwenzi lace Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town.

Livingstone atamwalira m'caka ca 1873, mpingo wa Free Church of Scotland unatumiza anthu kudzayamba nchito m'dzina lace. Mtsogoleri wa ulendo anali Edward Young, ndipo mmodzi wa iwo anali dotolo wacinyamata, Robert Laws. Sitima yao, Ilala, anaiphwasula pa mathithi a Shire. Amtengatenga mazana ambiri anasenza zidutswa zace pamutu kufikira kumtunda, kumene anailumikizanso. Inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Mfumu Mponda atawalola, anamanga Livingstonia woyamba pa Cape Maclear, pakuti zisumbu zimachinga mafunde, ndipo sitima inali kugona pa dooko labwino.

Koma dooko labwino silinali mudzi wabwino. Malungo anawagwira mmodzi mmodzi. M'caka ca 1877 anamwalira Dr William Black, ndiponso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wa mtundu wa Axhosa wocokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Ife aphunzitsi tizikumbukira kuti pakati pa manda oyamba a nchito ya sukulu m'dziko muno pagona mphunzitsi wakuda mnzathu. Zaka zisanu zitapita, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, m'caka ca 1881. Caka comweco amishoni anasamukira ku Bandawe, namsiya Namalambe kuti asunge nchito ya pa Cape Maclear. Ndipo m'caka ca 1894 anakwera ku Khondowe. Manda ao alipobe patsinde pa phiri, kufupi ndi kumene alendo amalowera m'malo otetezedwa.

Alendo ena anadzera mumlengalenga. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pa madzi za kampani ya BOAC, pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg, zinali kutera m'mtsetse wabata wa pakati pa Chembe ndi zisumbu, ndipo apaulendo anali kugona pa hotela ya pomwepo. Zimenezi zinatha pa caka cimodzi cokha. Ndege zitaleka, hotela nayo siinakhalitse. Akulu anati mlendo ndi mame. Amishoni anapita, a ndege anapita, asodzi anatsala.

Cimene cinacititsa kuti zisumbuzi zitetezedwe ndi tinsomba tochedwa mbuna, dzina locokera kwa Atonga, timene msodzi sanali kutiwerengera kwenikweni. Nyanja ya Malawi iri ndi mitundu ya nsomba yocuruka koposa nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mcere pa dziko lapansi, ndipo yambiri ya iyo siipezeka kwina konse. Mbuna zimakhala m'matanthwe, ndi kudya ndere zomera pa miyala. Yaikazi imafungatira mazira m'kamwa mwace kufikira ana atakhwima, kotero kuti mazira satengedwa ndi madzi kunka kutali. Ndiponso mbuna zambiri siziwoloka mcenga kapena madzi akuya. Cifukwa cace cisumbu ciri conse ciri ngati mudzi wotsekedwa ndi linga: nsomba zace zakhala zikukwatirana zokha-zokha kwa mibadwo yosawerengeka, mpaka zinasiyana maanga ndi makhalidwe ndi za pa cisumbu cinzace. Mbuna za ku Maleri si zonse zimene mungazione ku Mumbo. Geoffrey Fryer analongosola moyo wa mbuna za ku Nkhata Bay m'caka ca 1959, ndipo Anthony Ribbink ndi anzace, atasanthula matanthwe a m'nyanja, anafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1983.

Poona kuti mtundu wokhala pa cisumbu cimodzi cokha ungathe kufafanizika msanga, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'caka ca 1980, malo oyamba pa dziko lapansi opatulidwa makamaka cifukwa ca nsomba za m'madzi opanda mcere. M'caka ca 1984 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa cuma ca anthu onse a pa dziko. Kukula kwace ndi pafupi-fupi masikweya kilomita 94, ndipo muli zisumbu 13. Lamulo liletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kucokera m'mphepete mwa mtunda wotetezedwa ndi mwa zisumbu.

Apa ndipo pagona bvuto. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale siinasamutsidwe. Inatsala yozingidwa ndi malo otetezedwa. Msodzi amene agogo ace anali kuponya khoka kufupi ndi Thumbi anadzuka tsiku lina ali wolakwira lamulo, ndipo mai wofuna nkhuni m'phiri anayamba kufunsidwa cilolezo. Anthu acuruka, usipa ufuna nkhuni zoufutsira, ndipo mimba siidziwa malire a mamita 100. Kuceza kwa alendo kwadzetsa nchito kwa oyendetsa maboti, ophika ndi osema ziboliboli, koma sikunafike pa khomo liri lonse.

Mbiri isonyezanso kuti kulakwa kwa kamphindi kumakhala zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1960 wogulitsa nsomba zokongola kunja anataya pa Thumbi mbuna zocokera kumpoto kwa nyanja. Zinaswana, zinafalikira, ndipo zina zinasakanizika ndi eni malo; palibe angathe kuzicotsanso. Cinanso ndi likodzo. Kuyambira zaka za m'ma 1980 nthenda imeneyi inakula pa Chembe, ndipo Jay Stauffer ndi anzace anaonetsa kuti inakula pamene nsomba zodya nkhono zinacepa cifukwa ca makoka a maso ang'ono. Nkhono zosunga tizirombo ta likodzo zinacuruka, ndipo oyamba kudwala anali ana a asodzi omwewo. Motero kusunga nsomba si nkhani yokondweretsa alendo okha ai.

Tisayese kuti nzeru yosunga nyanja inadza ndi boma. Pa cisumbu ca Mbenje ku Salima, cimene siciri m'malo otetezedwawa, mfumu Makanjira ndi akulu ace akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndi kutsegula ndi mwambo mvula ikatha. Asodzi amamvera, pakuti lamulolo ndi lao, ndipo phindu lace amaliona m'makoka mwao. Lamulo la ku Chembe linacokera kunja kwa mudzi, ndipo lidzalimba pokhapo eni mudzi akaona kuti liwasungira kanthu.

Tsono anzanga aphunzitsi, mukapita ndi ana anu, pitani m'nyengo ya cilimwe mwera utaleka, pamene madzi ali mbee. Yambani ndi manda a amishoni, kenaka mukwere boti la munthu wa pa Chembe kunka ku Thumbi. Adzaimba mluzu, nadzaponya nsomba m'madzi, ndipo nkhwazi idzatsika pa mtengo kudzaikwatula ana ali kupenya. Odziwa kusambira abvale magalasi a m'madzi, aone mbuna zabuluu ndi zacikasu ziri kubudula ndere. Osadziwa aziona ali m'boti, pakuti zimafika pafupi. Pasakhale wogwira nsomba, wothyola mtengo kapena wosiya pulasitiki. Amene asambira kufupi ndi mudzi akayezetse likodzo ku cipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Koposa zonse, ana akhale pansi ndi msodzi wacikulire, amfunse maina a nsomba, a mphepo ndi a matanthwe, nawalembe m'cinenero cathu. Maina a Cilatini a mbuna asungidwa kale m'mabuku a ku Ulaya, koma maina amene msodzi wa ku Msaka amachula ali m'mutu mwace mokha. Kalasi liri lonse likabwera ndi maina makumi awiri, patapita zaka zowerengeka tidzakhala ndi buku la zisumbu zimenezi lolembedwa ndi eni ace.