Zimene anyani anatiphunzitsa za kufa ziwalo

Kwathu ku Wimbe, munthu akadzuka pakamwa patakhota, dzanja litalemera ngati la mwini, mawu akutuluka osamveka, timati wafa ziwalo. Ena amathamangira kunena kuti wamenyedwa hamala ndi afiti. Komatu bala lenileni limakhala mu ubongo, pamene mtsempha wa magazi watsekeka kapena waphulika, ndipo anthu anavutika zaka mazanamazana kuti aone bala limenelo mwini wake akali moyo.

Sing'anga wa Chisilamu, Ibn Sina, m'buku lake la Al-Qanun limene analimaliza mu 1025, anawatcha matendawa sakta, nalozera ku ubongo ngati gwero lake. Mu 1658 dokotala wa ku Switzerland, Johann Jakob Wepfer, anatsegula mitu ya omwalira napezamo magazi okhetseka. Koma mtembo sunganene kuti kuonongekako kunayenda bwanji ola ndi ola.

Khomo linatseguka mu 1971 ku London, pamene makina a CT a Godfrey Hounsfield anajambula ubongo wa wodwala woyamba. Asanafike pamenepo anayamba wayesera pa ubongo wa ng'ombe, ndipo zithunzi zinkatuluka zosaoneka bwino chifukwa nyamazo zinkayamba zamenyedwa pamutu zisanaphedwe, magazi n'kudzaza mkati. Anachita kukagula ubongo kwa Ayuda, amene amazinga nyama ndi mpeni pakhosi. Ife amene timasamala za halaali sitingalephere kumwetulira pamenepa.

Funso lalikulu linayankhidwa ndi anyani, omwewa amene timawapirikitsa m'minda ya chimanga. M'zaka za m'ma 1970 Lindsay Symon ndi anzake ku London ankatseka mtsempha mu ubongo wa nyani ndi kuyeza mmene magazi akuyendera. Anapeza kuti ubongo sumafa wonse nthawi imodzi. Pakati pa bala pamafa msanga, koma mozungulira pamatsala chigawo chimene chaleka kugwira ntchito chikhalirecho chili chamoyo. Mu 1981 Symon, Jens Astrup ndi Bo Siesjö anafotokoza chigawochi ndi dzina loti penumbra. Mlimi wa fodya sangavutike kumvetsa: nazale ikasowa madzi, mbande zina zimauma, zina zimangofota, ndipo zofotazo zimadzuka ngati madzi afika dzuwa lisanazimalize. Mu 1990 Michael Moseley ku San Francisco, pojambula amphaka ndi makina a MRI, anaonetsa kuti kuonongekako kungaoneke ola loyamba lisanathe. Mankhwala osungunula magazi oundana, amene anatsimikizidwa pa anthu mu 1995, amapikisana ndi nthawi yomweyi, pakuti amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndiponso pokhapokha chithunzi chitaonetsa kuti mtsempha sunaphulike.

Nyamazi zinamva ululu, ndipo sitiyenera kuchepetsa zimenezo. Chipembedzo chimene chimatiphunzitsa za mayi wolangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala sichingatilole kulandira nzeru zotere ngati zotola panjira.

Kuno ku Malawi makina a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University yofufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Mu 2015 ofufuzawo anaonetsa kuti chimene chimapha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo. Chaka chotsatira, Laura Benjamin ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Blantyre komweko, kuti kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV ndizo zikuluzikulu zimene zikupha ziwalo za Amalawi. Apa mpamene hamala ija imasowa malo.

Koma tinene zoona. Wodwala wa ku Wimbe ayenera kufika ku boma la Kasungu, ndipo kuchokera kumeneko pali mtunda woposa makilomita zana kuti akafike ku Lilongwe kumene angajambulidwe. Maola anayi ndi theka amathera posaka galimoto ndi kuitana abale. Phunziro la anyani a Symon latifikira m'makutu, koma silinatifikire pamsewu. Chimene tili nacho pafupi ndi kuyezetsa BP ndi kumwa mankhwala ake mosadumphitsa.

Pali phunziro lina limene silidikira makina. Mu 1996 Randolph Nudo ku America anaononga kachigawo kakang'ono ka ubongo koyendetsa dzanja mwa apusi. Amene anawasiya osaphunzitsidwa, malo a dzanja mu ubongo mwawo anapitirira kuchepa. Amene anawaphunzitsa kutola timibulu ta chakudya m'timaenje tsiku ndi tsiku, malowo anasungika, ndipo mwa ena anakula kulowa m'zigawo zoyandikana. Ubongo umapereka malo kwa chiwalo chimene chikugwiritsidwa ntchito.

Apa ndi pamene chifundo chathu chimatisokeretsa. Gogo akafa dzanja timawagoneka m'nyumba, kuwadyetsa, kuwasambitsa, kuwaletsa kukhudza kanthu, poganiza kuti ndiwo ulemu. Pamenepo dzanja lija likuiwalika ndi mwini wake. Achipatala akaloleza, ndi bwino kuti zala zofookazo ziyese kuwerenga tasbihi, kuumba mbamu ya nsima, kutunga madzi a wudhu, ngakhale kusankha masamba a fodya pachigafa, ngakhale zitagwetsa kakhumi zisanagwire kamodzi.