Kaufiti m'munda wa chimanga ndi mbewu zolimbana naye

Kaufiti ndi kachomera ka maluwa ofiira komwe kamamera m'tsinde mwa chimanga, mapira, mchewere ndi mpunga wa kumtunda. Akatswiri amamutchula kuti Striga asiatica. Ngati mumalima m'mphepete mwa Zolozolo muno, kapena muli ndi munda kumudzi cha ku Ekwendeni ndi madera ena a Mzimba komwe chimanga chimabwerezedwa pamalo amodzi chaka ndi chaka, n'kutheka kuti mudamuonapo mu February kapena March. Dziwani kuti pomwe mukuona maluwawo, kaufiti amakhala atawononga kale.

Momwe amawonongera

Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi. Chomera chimodzi chikhoza kubala njere zoposa 50,000, ndipo zimatha kukhala zamoyo m'nthaka kwa zaka zoposa 10. Sizimera chisawawa. Zimayamba zanyowa ndi mvula kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zimadikira timadzi tomwe mizu ya chimanga imatulutsa. Zikamva timadzito zimamera, kamuzu kake n'kuboola muzu wa chimanga ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Kaufiti amakhala pansi choncho kwa mwezi kapena kuposerapo asanatulukire kunja.

N'chifukwa chake mumaona chimanga chikupinimbira, masamba akuchita chikasu ndi kupotana ngati kuli ng'amba chonsecho mvula ikugwa, koma m'mizere mulibe udzu. Amene adapereka dzina loti kaufiti sadalakwitse: munda umaonekadi ngati walodzedwa. Pomwe wachuluka, mlimi amatha kutaya theka la zokolola, penanso osakolola kanthu.

Kaufiti amakonda nthaka yoguga. Chimanga chikasowa chakudya m'nthaka, mizu yake imatulutsa timadzi tambiri tija, ndipo njere zambiri zimadzuka. Choncho mukamuona akuchuluka, nthaka yanu ikukuuzani kuti yatopa.

Ntchito yopanga mbewu zolimba

Chimanga chidachokera ku Mexico, komwe kulibe kaufiti, motero sichidazolowere kulimbana naye. Mapira adakulira naye limodzi kuno ku Africa, n'chifukwa chake mitundu ina ya mapira imamukana bwino. Pa chimanga ntchito yakhala yovutirapo. Akatswiri a bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, adachita kukatenga mphamvu zina kwa udzu wa kutchire wa ku Mexico wotchedwa Zea diploperennis, womwe ndi wachibale wa chimanga, n'kumaukwatitsa ndi chimanga kwa zaka zambiri. Bungwe la CIMMYT nalo lidagwira nawo ntchito yopanga chimanga chomwe njere zake zimapakidwa mankhwala a imazapyr, opha kaufiti akangogwira muzu; mbewuyi idayamba kugulitsidwa ku Kenya. Kuno kwathu mbewu zatsopano zimayamba zayesedwa ndi nthambi ya kafukufuku ya boma, m'malo monga Chitedze ku Lilongwe ndi Mbawa ku Mzimba, zisanavomerezedwe.

Apa pali kusiyana komwe alimi otsogolera muyenera kufotokozera anzanu bwino. Pali mbewu yokana kaufiti, ndipo pali mbewu yopirira kaufiti. Yokana imatulutsa timadzi tochepa kapena imatseka muzu wake, kotero kaufiti womera amakhala wochepa. Yopirira imabereka ndithu ngakhale kaufiti wayigwira, koma kaufitiyo amakula, kuchita maluwa ndi kuwaza njere monga mwa nthawi zonse. Mumakolola chaka chino, munda n'kumadzazabe ndi njere. Ine sindilangiza mlimi kudalira mbewu yokha, ngakhale itatamandidwa bwanji pa paketi. Palibe chimanga chomwe chimakana kaufiti kotheratu. Komanso mbewu zambiri zotere zidasankhidwa polimbana ndi kaufiti wa maluwa apinki, Striga hermonthica, yemwe ndi wofala ku Nigeria ndi ku Kenya, osati wofiira wathuyu. Musanagule, funsani mlangizi wa dera lanu kapena ku Lunyangwa Research Station mumzinda momwe muno ngati mbewuyo idayesedwa kuno.

Zoyenera kuchita m'munda

Zulani kaufiti asanachite maluwa, kapena akangoyamba kumene. Izi sizipulumutsa chimanga cha chaka chino, koma zikuteteza cha zaka zikubwerazi. Musasiye zozulazo mumzere, chifukwa njere zimatha kukhwima ngakhale chomera chazulidwa. Zitulutseni m'thumba, ziume pamalo amodzi, muziwotche. Mubwererenso m'munda mukakolola, poti ena amachita maluwa mochedwa.

Chitani kasinthasintha ndi soya, mtedza, nandolo, mpendadzuwa kapena thonje. Mizu ya mbewu zimenezi imanyenga njere za kaufiti kuti zimere, koma kaufitiyo sapeza poyamwa ndipo amafa m'masiku ochepa. Chaka chimodzi sichikwanira pa munda wogwidwa kwambiri. Pamafunika nyengo zingapo. Mbewu za mtundu wa nyemba zimabwezeranso chonde, ndiye mwapindula pawiri. Thirani manyowa okwanira ndipo feteleza wokulitsa asachedwe.

Chenjezo limodzi: pali kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, yemwe amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Ngati mwamuona m'munda mwanu, sankhani nandolo kapena mpendadzuwa, kapena bzalani khobwe wa Mkanakaufiti yemwe adatulutsidwa kuno ku Malawi kuti azikana mtundu umenewu.

Njere zimayendanso ndi dothi lomata ku makasu ndi ku mapazi, madzi othamanga pamtsetse, ndi ziweto zodya mapesi. Minda yambiri ya ku Mzuzu ili pamalo otsetsereka, choncho munda wa kumtunda ukagwidwa, wa kumunsi uli pa chiopsezo. Kambiranani ndi amene mwayandikana nawo minda kuti muzizula sabata imodzi, ndipo polima yambirani mbali yomwe kulibe kaufiti, kumalizira yogwidwayo.