Dzina la Mwana ndi Manja Omlera: Mbiri ya Kutcha Dzina Pakati pa Achewa

Akuluakulu akale ankati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Mwambi umenewu unkalongosola m'mene mudzi wa Achewa unkalerera ana. Ndipo wofuna kudziwa amene ankasenza mtolo wa kulera pa nyengo iliyonse ya mbiri yathu, ayambe wafunsa kuti ankatcha dzina ndani. Pajatu kuyambira kale, pakamwa potchula dzina ndi manja olera mwana zinkayendera limodzi. Kumene kunkapita udindo wolera, nakonso kutcha dzina kunkalondola komweko.

M'masiku a makolo

Mwana akabadwa, iye ndi amake ankabindikira m'chikuta kwa masiku angapo, kufikira mchombo utagwa. Pa nthawi yonseyi khandalo linalibe dzina. Tsiku lotuluka m'chikuta, anamkungwi ankameta mayi ndi mwana, ndipo pamenepo mpamene dzina linkamveka. Kawirikawiri makolo ake a mwanayo sindiwo ankalisankha. M'madera ambiri mwana woyamba ankatchedwa dzina ndi akuchimuna, wachiwiri ndi akuchikazi, ndipo wotcha ankakhala agogo, amalume kapena azakhali. Wotchayo sankabwera chimanjamanja. Ankapereka nkhuku, mkanda kapena kanthu kena, ndipo kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkadziwa kuti mwanayu akadzasowa chovala kapena akadzalakwa, ali ndi khomo lina lokagogoda.

Mainawo ankanena zimene banja ladutsamo. Mavuto, Masautso ndi Chisoni ankakumbutsa nyengo yowawa. Mayi amene ana ake ankangomwalira ankamva khanda lake likutchedwa Maliro kapena Manda, pokhulupirira kuti imfa ikamva dzina loipa ilambalala. Mayina ena anali mkuwe wopita kwa achibale kapena anansi, monga Ndaziona ndi Tiyanjane. Choncho dzina linali ngati kaundula wa mudzi pamene kunalibe pepala.

Makolo nawonso ankalandira dzina latsopano kudzera mwa mwanayo. Mkazi ankasanduka amake Limbani, mwamuna nkukhala atate ake a Limbani, ndipo kuwaitana ndi maina awo a paubwana kunali chipongwe. Mwana yemweyo akakula nalowa chinamwali kapena kudambwe, ankapatsidwanso dzina lina losonyeza kuti wasiya chibwana.

Kagawidwe ka ntchito m'chikamwini

Ukwati wa Achewa unali wa chikamwini. Mwamuna ankasiya kwawo nkukamanga nyumba kwa mkazi, ndipo ana ankawerengedwa a mbumba ya amawo. Woyang'anira mbumbayo anali mlongo wake wa mkazi, ndiye kuti amalume a anawo, otchedwa mwinimbumba. Mkamwini ankaswa mphanje, kumanga nyumba ndi nkhokwe, kusaka nyama ndi kuluka mphasa. Mkazi ankasinja, kutunga madzi, kutola nkhuni, kuumba miphika ndi kufulula mowa. Khasu lokha linali la onse awiri.

Mayi ankapita kumunda khanda lili kumbuyo mu mbereko, koma sankalera yekha. Panali mlezi, kamtsikana ka pachibale kamene kankanyamula mwana pamthunzi amake akulima. Mwana akaleka kuyamwa ankasamukira kukuka, kwa agogo ake aakazi, kumene ankamva nthano ndi zilapi madzulo. Anyamata osinkhuka ankagona kugowelo, ndipo masana ankaphunzira ntchito zamanja kumphala. Atate nawo anali ndi mbali yawo pa moyo wa khanda. Ankayenera kudzisunga kufikira mwambo wa kutenga mwana utachitika, poopa kuti mwana angadwale tsempho. Motero ngakhale mkamwini analibe mphamvu zambiri pa ana, mudzi unkafuna kuti akhale pafupi.

Msonkho, mishoni ndi ulendo wa ku Joni

Zinthu zinayamba kusintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Mvera mu 1889, ya Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a Katolika anafika ku Mua mu 1902. Wobatizidwa ankatenga dzina la m'Baibulo kapena la Chizungu, ndipo wothandiza kusankha tsopano anali mbusa, wansembe kapena mphunzitsi. Kaundula wa sukulu ndi wa boma ankafunanso dzina lachiwiri, la atate. Mfunda monga Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe, umene akatswiri a mbiri amati kale unkatsata amayi, unakhazikika kumbali ya atate, ndipo chitsanzo cha Angoni chinathandizirapo.

Dziko litakhala m'manja mwa Angerezi mu 1891, boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wolipira ndi ndalama. Ndalama sinkamera m'munda wa chimanga. Amuna ena anagwira thangata m'minda ya Azungu kum'mwera, ena anauyamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni. Bungwe la Wenela linayamba kulemba anthu a ku Nyasaland mu 1903. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma m'zaka za m'ma 1930 khomo linatsegukanso. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko.

Dzina la mtsogoleri woyamba wa Malawi likusonyeza bwino nyengo imeneyi. Kamuzu ndi dzina la kumudzi, lokumbutsa kamuzu ka mankhwala kamene amake anamwa kuti aone mwana. Hastings analitenga pobatizidwa, kuchokera kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Banda ndi mfunda wa atate ake, pamene amake anali a kwa Phiri. Ndipo amene anayenda naye pa ulendo wokafuna ntchito ndi maphunziro ku South Africa mu 1917 anali amalume ake, a Hanock Msokera Phiri. Mudzi, mishoni, atate ndi mwinimbumba, onse akuoneka m'mbiri ya munthu mmodzi.

Kuyambira pamenepo ntchito inagawika mwatsopano: ya ndalama inapita kutali ndi mwamuna, ya khasu ndi mbereko inatsala ndi mkazi. Mayi anayamba kufolera yekha nyumba ndi kufulula mowa wa dima kuti anansi amulimitse. Ana ambiri anatuluka m'chikuta atate awo ali kumgodi, ndipo ena sanawaonepo nkomwe, pakuti anasanduka matchona. Obwerako ankadza ndi njinga, majekete ndi mawu achilendo, ndipo maina onga Jekete, Supuni, Tebulo ndi Botomani, amene mabanja ena akali nawo, ndi zipsera za nyengo ya ntchito ya kwa Azungu.

Njala ya mu 1949 inaonetsa kulemera kwa mtolo umenewu. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene buku lake lonena za njalayi linatuluka mu 1987, anamva kwa amayi a m'boma la Blantyre kuti amuna ambiri anachoka ponena kuti akukafuna chakudya kwawo, nkusiya akazi ndi ana okha. Banja limene mwamuna ankatumiza ndalama linkapezako mpumulo, pamene mayi wosiyidwa ankadalira mbumba yake imene nayonso inalibe kanthu.

Ulendo wa kumigodi unafika pachimake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito kumeneko. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafa. Boma linaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma inatheratu mu 1988.

Mayi naye apita kuntchito

Dziko litalandira ufulu mu 1964, chiwerengero cha amayi ophunzitsa, anamwino ndi alembi chinakula m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. M'tauni munalibe kuka. Banja linkaitanitsa kamtsikana kuchokera kumudzi kuti kadzakhale mlezi, kapena kulemba wantchito wolipidwa pamwezi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, ndipo atsikana ambiri amene akanakhala alezi analowa m'kalasi. Sukulu za mkombaphala zinatenga gawo lina la ntchito imene kale inali ya agogo.

Malamulo nawo anatsatira. Lamulo la ntchito la mu 2000 linapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 lamuloli linasinthidwa kuti atate nawonso azipuma masabata awiri mwana akabadwa. Chimene makolo ankafuna pa mwambo wa kutenga mwana, chakuti atate akhale pafupi ndi khanda, chinabwerera kudzera m'Nyumba ya Malamulo.

Pamene kulera kunkatsalira anthu awiri, kutcha dzina nako kunatsalira awiri omwewo. Makolo ambiri a m'tauni amasankha dzina mwana asanabadwe, ndipo limalembedwa kuchipatala pa fomu ya chiphaso cha kubadwa, potsata lamulo la kalembera la mu 2010. Maina a madandaulo achepa, ndipo achuluka ndi oyamika: Tadala, Takondwa, Chisomo, Mphatso, Madalitso, Yamikani. Mabanja ena amapereka maina awiri, lina la makolo, lina la agogo, kuti mbali zonse zikondwe.

Adzukulu amene akukangana lero za amene asankhe dzina ndi amene atsale ndi mwana pakhomo adziwe kuti makolo sankalekanitsa mafunso awiriwa. Wofuna ulemu wotcha dzina ankavomeranso kutambasula manja, ndipo wofuna thandizo la achibale ankawasiyira mpata pa dzina. Paja mutu umodzi susenza denga.