Alemba ndi khomo la Israel: magazi paokha salitsegula

Kuno ku Dedza nkhani ya komwe mtundu unachokera si yachilendo. Angoni a kwa Kachindamoto amaloza kumwera, Achewa amatchula Uluba, ndipo palibe amawafunsa umboni. Kwa Alemba a ku Mberengwa ku Zimbabwe ndi a ku Limpopo ku South Africa zinthu nzosiyana, chifukwa iwo amati makolo awo aamuna anali Ayuda ochokera kumudzi wotchedwa Sena. Sadya nkhumba, amadula ana aamuna, ndipo nyama amachita kuizinga mpaka magazi onse atakha. Katswiri wa mbiri Tudor Parfitt analondola dzina la Sena mpaka ku Hadramawt ku Yemen, ngakhale Sena wina ali pafupi nafe m'mbali mwa Zambezi. Mu 2000 kafukufuku wa DNA anapeza kuti pafupifupi theka la amuna a fuko la Buba ali ndi chizindikiro chofala mwa Ayuda a mbumba ya ansembe. Pambuyo pake zinadziwika kuti chizindikirocho chimapezekanso mwa Aluya, amene ankachita malonda kugombe la Sofala.

Ngakhale umboniwo ukanakhala wosatsutsika, khomo la Israel silikanatseguka, pakuti amene amalitsegula ndi arabi (aphunzitsi a Chiyuda) ndi boma. Abeta Israel a ku Ethiopia sanayezedwe magazi. Chinawathandiza ndi chigamulo cha Rabbi Ovadia Yosef cha mu 1973 chakuti iwo ndi Ayuda, kenaka ndege zinawanyamula mu 1984, ndipo mu May 1991 anthu oposa 14,000 anasamutsidwa m'maola 36 okha. A Bnei Menashe a ku Manipur ndi Mizoram ku India akhala akuthandizidwa ndi bungwe la Shavei Israel, koma amayenera kuyamba alowa Chiyuda mwamwambo. Alemba amawerenga mtundu kubambo pamene lamulo la arabi limawerenga kumayi, ndiye mbiri yawo yonse imagwera kunja kwa mpanda.

Ena amati onse odzitcha Ayuda otayika akungothawa umphawi. Umphawiwo ulipodi, koma Alemba ankasala nkhumba kalekale dziko la Israel lisanakhazikitsidwe mu 1948, ndipo sunagoge wawo wa ku Mapakomhere, yemwe bungwe la Kulanu linathandiza kumanga, anamumanga kwawo komweko. Munthu wofuna kuthawa samanga nyumba yopemphereramo pamalo amene akuchokapo. Enanso amati dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha olowa, ndipo n'zoona. Chofunika n'chakuti tivomereze kuti kusankhako kumatsata lamulo ndi zosowa za boma. Mu November 2023, antchito a ku Thailand atachoka m'minda ya Israel chifukwa cha nkhondo, achinyamata 221 a ku Malawi anakwera ndege kukagwira ntchitoyo. Palibe anawafunsa za makolo awo, ndipo chikalata chomwe anasayina chinali cha ntchito, chopanda lonjezo la unzika.