Mbiri ya Galimoto za Mawaya m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pakati pa maluso onse amene anakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira kusula makasu pa ng'anjo za makolo kufikira kuluka nkhokwe ndi kusema mitondo, lilipo limodzi limene akuluakulu saliwerengera pokamba mbiri ya dziko, popeza eni ake ndi ana, ndipo zipangizo zake n'zotola kudzala. Koma munthu wolingalira mofatsa adzaona kuti m'luso limeneli, la kupanga galimoto za mawaya, ndimo mwana wa kumudzi anayamba kuphunzira chinsinsi cha makina onse, ndicho kutenga mphamvu pomwe yabadwira ndi kuifikitsa pomwe ikufunika.

Mwana amaumba chimene maso ake aona. M'masiku a makolo, pamene chuma cha munthu chinali m'khola, anyamata ku ubusa ankakumba dongo m'mbali mwa mitsinje naumba ng'ombe za nyanga ndi linunda, naziumika padzuwa, nazichititsa nkhondo. Za chinthu choyenda pogudubuzika sanazilote, pakuti katundu yense wa dziko lino ankayenda pamutu. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1889, pamene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 mishoni ina inatsegulidwa pa Kongwe. Katundu wa Azungu ankabwera pa sitima za panyanja, natsitsidwa pa Domira Bay, amtengatenga nakwera naye zitunda. Pambuyo pake kunadza ngolo za ng'ombe, kunadza njinga zimene amuna obwera ku Halale ndi ku Joni ankalowa nazo m'mudzi monyadira, kunadza malole onyamula fodya ulimi wake utafala m'zaka za m'ma 1920, kufikira njanji inafika ku Salima mu 1935.

Ana ataona zodabwitsa zonsezi sanakhutire ndi kupenya kokha. Poyamba anasenda mapesi a chimanga, nalumikiza zofewa za m'kati ndi timakoko take takuthwa, napanga malole opepuka amene sankatha masiku ambiri. Koma waya utachuluka m'dziko, wotsala pa mipanda ndi womangira katundu, luso linapeza thupi lolimba. Mmisiri wamng'onoyo ankawongola waya wokhuthala pousula ndi mwala, naupinda kukhala mafupa a galimoto, namanga mfundo zonse ndi waya wofewa kapena ndi mphira yodula ku chubu chakutha cha njinga; mateyala anali zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo, kapena mapatapata akutha odulidwa mozungulira.

Pamene panali kuzindikirika mmisiri weniweni ndi pa chiwongolero. Waya wautali wofika m'chiuno, wopindidwa mozungulira kumwamba kuti dzanja ligwire, unkatsika chopendama nukalumikizana ndi mateyala akutsogolo, kotero kuti mwini akapotoza dzanja ali chiimire, galimoto inkakhota patali naye. Mfundo ya pansiyo ikamangidwa mothina, chiwongolero chinkakana ndipo galimoto inkagudubuka pokhota. Ikamangidwa molekerera, mateyala ankayenda mwa kufuna kwawo, osamvera mbuye wawo. Palibe buku linaphunzitsa muyeso wa pakatipo, koma wamng'ono ankakhala pambali pa mkulu wake, nagwira waya, nayang'anitsitsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lomwelo ndilo limasautsa amisiri a maiko akutali, ngakhale zipangizo zawo n'zamtengo wapatali. Mu 1898, ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, Nikola Tesla anaonetsa khamu la anthu kabwato koyenda pa dziwe komvera malamulo ake popanda chingwe, ndipo lero alipo ambiri amene amapanga timabwato totere ndi kutithamangitsa pa mpikisano. M'kabwato kotere mota imakhala m'kati pouma, pomwe chopalasira madzi chili kumbuyo pansi pa madzi, ndipo ziwirizi sizikhala pa mzere umodzi. Chifukwa chake amazilumikiza ndi shafiti yopindika, yopotedwa ndi timawaya tachitsulo tambiri, imene imadutsa m'kapaipi kamkuwa kopindidwa pang'onopang'ono, itapakidwa girisi. Kapaipiko kakapindidwa modzidzimutsa, shafiti imatentha niduka. Ndipo kumapeto kwake amasiya kampata kakang'ono, popeza chingwe chopota chimafupika mota ikakoka mwamphamvu. Mnyamata wa ku Mponela kapena ku Malomo, amene anavutikapo ndi mfundo ya chiwongolero, akanamva zonsezi msanga, chifukwa zala zake zinadziwa kale kuti mphamvu imatayika polumikizira.

Mbiri ya luso la ana a Malawi inamveka ndi kutsidya kwa nyanja zamchere mu 1990, pamene Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, anasindikiza kabuku ka ana kotchedwa Galimoto, konena za mnyamata wofunafuna mawaya m'mudzi mwake. Umboni woposa unachokera kutsidya kwa Bua, ku Wimbe m'boma la Kasungu, kumene William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anatola chopemerera cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi njinga yakutha, naziimika pa nsanja ya mitengo ya bulugama, nafikitsa mphamvu ya mphepo pa dayinamo kufikira nyale inayaka m'nyumba ya atate wake. Dziko lonse linazizwa, koma manja amene anachita zimenezo analeredwa m'sukulu yomweyi ya pabwalo, momwe chotayidwa chilichonse chimayesedwa chuma.

Tsopano misika yadzala ndi timagalimoto tapulasitiki tochokera kunja, tonyezimira ndi tolira, timene mwana amalandira tathatha, ndipo tikathyoka sadziwa potigwira. Sitinena kuti kholo lisakondweretse mwana wake ndi mphatso. Koma tipempha inu makolo, aphunzitsi ndi mafumu a m'mapiri awa, kuti mukaona mwana wakhala pansi pa mtengo ndi waya ndi mwala, musamuyese waulesi kapena wotolatola zonyansa. Mpatseni pulayala yakale, mfunseni chifukwa chake galimoto yake ikukhota bwino kuposa ya mnzake, ndipo ku sukulu ntchito ya manja ake iyesedwe ndi ulemu womwe timapatsa masamu. M'mera mpoyamba, ndipo dziko limene likusowa okonza mijigo, zigayo ndi makina othirira mbewu lisayembekeze kuti amisiri amenewo adzagwa kuchokera kumwamba, pamene likupeputsa ubwana umene umawabala.